Kuwojeka mapesi m'munda wa tirigu popanda kumuchititsa chikasu

Sabata yatha mayi ena a ku Lusangazi anandiimitsa mumsika wa Zigwagwa kuno ku Mzuzu atanyamula jumbo yakuda. Ndimayesa muli masamba, koma atamasula ndinaona tirigu wozula ndi mizu yomwe, wamfupi ngati chala, masamba am'munsi ali achikasu. "Bambo, tinamvera inu kuti tisatenthe mapesi. Takwirira, ndiye taonani zimene tapeza. Anzathu amene anatentha wawo ali biliwiri." Funso limeneli, lakuti bwanji tirigu akuchita chikasu pamene takwirira mapesi, ndaliyankha kutchalitchi, pamaliro, m'minibasi ya ku Ekwendeni, ndi pafoni usiku. Ndatopa kulibwereza, choncho ndalemba pano kamodzi kuti wina akandifunsanso ndizingomutumizira.

Mayiwo sananame. Mapesi okwiriridwa angathe kubweza tirigu m'mbuyo, ndipo inenso zinandichitikira chaka choyamba kudimba kwanga m'mbali mwa mtsinje wa Lunyangwa. Vuto n'lakuti ambiri tinauzidwa theka la nkhani. Tinauzidwa kuti mapesi ndi manyowa. Sitinauzidwe kuti mapesi asanakhale manyowa amayamba akongola chakudya cha m'nthaka, ndipo ngongoleyo ikagwera masiku amene tirigu akumera, wogona ndi njala ndi tiriguyo.

Tigwirizane kaye pa mawu. Ndikamati mapesi ndikunena zonse zouma zotsala mukakolola, za chimanga, za mpunga kapena za tirigu amene. Kuwojeka ndi kukwirira zotsalazo m'dothi kuti ziwole. Kuphimbira ndi kuziyala pamwamba osakwirira, monga amachitira a ulimi wa mtayakhasu. Ntchito ziwirizi n'zosiyana ndipo tirigu amazimva mosiyana.

1. Dziwani kuti mudzadzala liti, ndipo muwerenge chobwerera m'mbuyo

Kuno tirigu timamulima m'njira ziwiri. Wakumtunda amadzalidwa mvula ikamapita kumapeto, cha m'Febuluwale kapena Malichi, kuti akule ndi chinyontho chotsalira ndi mawawa athu aja. Wakudimba amadzalidwa mvula itasiya, cha m'Meyi mpaka kumayambiriro kwa Juni, kuti akule m'nyengo yozizira ndi madzi othirira. Tirigu ndi mbewu yokonda kuzizira, n'chifukwa chake m'Malawi muno mumamupeza m'malo okwera monga Tsangano, Neno, mapiri a Viphya ndi madera okwera a Rumphi ndi Chitipa.

Ngati muli ndi munda wakumtunda, nkhani yanu ndi yophweka. Mukakolola chimanga mu Juni kapena Julayi, wojekani nthawi yomweyo dothi lisanaume gwa. Pofika Febuluwale mapesiwo adzakhala atamwa mvula ya Disembala ndi Januwale, ngongole yawo itatha kalekale. Inu ngongole ya m'mfundo 5 isakudetseni nkhawa.

Amene amalira ndi akudimba. Chimanga kapena mpunga wachoka m'Meyi, tirigu akufunika kulowa pasanathe masabata awiri kapena atatu, ndipo mukachedwa adzakumana ndi kutentha kwa Seputembala ndi Okutobala ali pomasula, maso ake n'kukhala ofwapa. Ndiye munthu amakwirira Lolemba, kudzala Loweruka. Mayi a ku Lusangazi aja anachita zomwezo.

2. Sankhani zokwirira, musangokokolola chilichonse

Zotsala sizifanana. Masangwi a mtedza, zotsala za nyemba, za soya ndi masamba a nandolo zimawola msanga ndipo sizivutitsa mbewu. Mapesi a chimanga amachedwerapo. A tirigu ndi a mpunga amachedwa kwambiri. Mankhusu a mpunga, aja mumagula pachigayo kapena kubweretsa kuchokera ku Karonga ndi ku Nkhata Bay, amatha chaka akuonekabe m'dothi. Zitsononkho nazonso n'chimodzimodzi.

Utuchi wa matabwa ndiye musayerekeze. Ndikudziwa kuti kuno umapezeka pafupifupi mwaulere chifukwa cha mapaini a ku Chikangawa, ndipo ndaonapo anthu akuthira matumba athunthu m'mabedi. Umenewo uyambe wadutsa m'khola la nkhuku kapena la nkhumba, kenako pamulu wa kompositi kwa miyezi ingapo.

Chotsani zinthu zitatu musanakwirire: zisononkho za chimanga chowola, udzu umene wabereka kale njere, ndi mapepala apulasitiki. Udzu wanjere mukaukwirira mwadzala ntchito yopalira, ndipo kupalira m'mizere yothinana ya tirigu n'kowawa msana kuposa m'chimanga.

3. Dulani

Phesi lathunthu limakhala ndi khungu lolimba, loterera, lokana madzi. Tizilombo towoletsa timalowera modulidwa ndi mosweka. Ikani chipika pansi, tengani chikwanje chakuthwa, dulani mapesi m'zidutswa zotalika ngati chala kapena chikhatho, masentimita 5 mpaka 10. A tirigu ndi a mpunga gwirani mtolo m'dzanja muzidula pamodzi. Ndi ntchito yotopetsa, ndipo ndi imene aganyu amaidumpha mukatembenuka, choncho khalani pomwepo. Ngati muli ndi ng'ombe, kuziloleza zipondeponde m'munda masiku awiri kumathandiza, zimaswa mapesi n'kusiyamo ndowe, koma musazisiye mpaka zitadya zonse kapena kulimbitsa dothi lonyowa.

4. Mwazani mofanana, sakanizani ndi dothi lapamwamba

Chizolowezi chathu cha m'chimanga ndi kuunjika mapesi m'khwawa pakati pa mizere n'kuunda mzere watsopano pamwamba pake. Kwa chimanga zimayenda, chifukwa mapando ndi otalikirana. Tirigu amadzalidwa pamalo osalazidwa, m'timizere totalikirana masentimita 20 mpaka 25, ndiye mapesi akakhala mulu m'khwawa mumapeza munda wamawangamawanga: apa wobiriwira, apa wachikasu, motsatira ndendende mmene munali makwawa akale.

Mwazani zidutswa zija munda wonse, kuphatikizapo mulu wa pamene munaimika mikukwe ndi pamene munapunthira. Kenako galauzani ndi khasu kuti zisakanikirane ndi dothi la pamwamba, masentimita 10 mpaka 15, kuya kwa mutu wa khasu. M'menemo ndimo muli mpweya ndi tizilombo tambiri. Musakumbe dzenje lakuya n'kuyala mapesi ngati mphasa pansi pake. Mphasa yoteroyo imatseka madzi ochokera pansi kuti asakwere, ndipo mizu ikafika pamenepo imapinda. Ndinafukulapo mapesi amene ndinakwirira mozama chotero patatha miyezi isanu ndi inayi, anatuluka oyera ngati ndawaika dzulo.

Ngati khasu likugunda dothi lolimba gwa pansi, monga zimakhalira m'minda ya katondo imene yalimidwa kuya kumodzimodzi kwa zaka zambiri, imeneyo ndi ntchito ina. Iswani ndi piki, ngati mmene a bungwe la Tiyeni amaphunzitsira pa mabedi awo akuya, koma mapesi akhalebe chapamwamba.

5. Lipirani ngongole ya mapesi

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ndipamene malangizo ambiri amangodutsa ndi mawu awiri akuti "dikirani awole". Ndichedwapo.

Mapesi sawola okha. Amadyedwa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso pamodzi ndi nkhungu za m'dothi. Kuti timvane, tinene kuti m'mapesi muli nsima ndi ndiwo. Nsima ndi kaboni, chimene chimapanga thupi louma la phesi. Ndiwo ndi nayitrojeni, chakudya chomwe chija timagula mu Urea, chobiriwitsa masamba. Tizilomboti timafuna pafupifupi magawo 24 a kaboni pa gawo limodzi la nayitrojeni. Masangwi a mtedza ndi zotsala za nyemba zili pafupi ndi muyezo umenewu. Mapesi a chimanga ali ndi magawo cha m'ma 60 pa limodzi. A tirigu cha m'ma 80. Utuchi ndi mazanamazana. Ndiye mwaitana alendo ambiri, mwawaikira nsima yodzadza beseni ndi kambale kamodzi ka ndiwo. Alendowo sabwerera. Amalowa kukhitchini n'kutenga ndiwo za ana. Nayitrojeni amene anali kale m'dothi, ngakhale feteleza wokulitsa amene mwathira podzala, amayamba wagwidwa ndi tizilomboti, ndipo timizu ta tirigu wa masiku khumi sitingalimbane nato.

Nayitrojeniyo sanatayike. Ali m'matupi a tizilombo, ndipo mapesi akatha tizilombo tambiri timafa, iye n'kubwerera m'dothi. N'chifukwa chake ndikuti ngongole, osati kuba. Koma tirigu sadikira. M'masabata atatu mpaka asanu oyamba ndi pamene amaphukira ana, ndipo ana amenewo ndiwo adzakhale ngala. Akamva njala nthawi imeneyo amaima ndi phesi limodzi kapena awiri. Chakudya chikadzabwerera mu Ogasiti adzabiriwira bwino, anthu odutsa n'kumakuyamikirani, koma ngala zimene sizinabadwe sizibweranso.

Mnzanu wotentha uja tirigu wake amabiriwira msanga chifukwa sanaitane alendo, ndiponso phulusa limapatsa potaziyamu pompopompo. Koma nayitrojeni pafupifupi yense wa m'mapesi, salufa wambiri, ndi kaboni amene akanafewetsa dothi zapita ndi utsi. Chaka chino wapambana iyeyo, zimenezo tisakane. Mukaone munda wake patatha zaka zisanu, mvula ikagwa madzi akungothamanga pamwamba.

Njira zolipirira zilipo zinayi, ndipo zimatheka kuphatikiza.

Yoyamba ndi nthawi. Koma nthawi yake si ya pakalendala. Tizilombo timagwira ntchito pakakhala chinyezi ndi kufunda. Mapesi okwiriridwa m'dothi louma la Seputembala akhoza kukhala miyezi iwiri osasintha, ndipo ngongole yonse imayamba tsiku limene madzi afika, lomwenso ndi tsiku limene ambiri timadzala. Komanso kuzizira kwa Mzuzu mu Juni ndi Julayi, kuja timagona ndi mabulangete awiri, kumachedwetsa kuwola. Malangizo akuti masabata atatu akukwana mwina ndi oona kunyanja kotentha. Kuno ine ndimawerenga masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi a dothi lonyowa. Kudimba zikutanthauza kuti muzithirira bedi lopanda mbewu kamodzi kapena kawiri pasabata. Anthu adzakusekani kuti mukuthirira dothi. Asiyeni aseke. Chinyezi chake n'chakuti mukafumbata dothi ligwirane koma lisatuluke madzi.

Kuti mudziwe ngati zatheka, fukulani malo atatu kapena anayi. Tolani kachidutswa ka phesi, kapotoleni ndi zala. Kakakhala kofiirira moderapo, kofewa, n'kuduka mosavuta ngati fodya wonyowa, ndipo dothi likununkhira ngati pansi pa mitengo ya m'nkhalango ya Kaning'ina, dzalani. Mukaona tiulusi toyera tayanga pa phesilo, imeneyo ndi nkhungu yabwino, ntchito ili mkati. Kakakhala kowala, kolimba, kopindika osaduka, ngongole ikadalipo.

Yachiwiri ndi feteleza wowonjezera, kwa amene nthawi yawathera. Muyezo umene ndimagwiritsa ntchito ndi kilogalamu imodzi ya nayitrojeni pa makilogalamu 100 a mapesi ouma. Popeza Urea ali ndi magawo 46 pa 100 a nayitrojeni, ndiye kuti pafupifupi makilogalamu awiri a Urea pa makilogalamu 100 a mapesi. Ameneyu ndi wa tizilombo, ndi wapadera, si wochotsera pa feteleza wa tirigu.

Funso lotsatira nthawi zonse limakhala lakuti, nanga ndidziwa bwanji kulemera kwa mapesi a m'munda mwanga? Dulani ndodo zinayi za mita imodzi imodzi. Ziyaleni pansi zipange bwalo la ngodya zinayi, mutamwaza kale mapesi. Tolani zonse za mkatimo, ikani m'thumba, ziumitseni padzuwa, kayezeni pa sikelo ya pagolosale. Chitani zimenezi malo atatu, osati pokhapokha pamene pachuluka, ndipo mutenge chapakati. Tinene kuti mwapeza magalamu 400. Bedi la mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi ndiye kuti lili ndi makilogalamu 40 a mapesi, ndipo likufuna magalamu 800 a Urea. Pa ekala ndi pafupifupi makilogalamu 1,600 a mapesi, Urea wake makilogalamu 32, kupitirira theka la thumba. Mukaona nambala imeneyo mumvetsa chifukwa chake ndikuti aliyense ayambe wawerengera asanakwirire zonse.

Kathiridwe kake: nyowetsani mapesi, wazani Urea, galauzani tsiku lomwelo, thirirani. Urea wosiyidwa pamwamba pa mapesi amasanduka mpweya n'kuthawa, ndipo mukawerama pafupi mumamva kafungo kolasa m'mphuno, ndalama zanu zikukwera kumwamba. Musamuphatikize ndi phulusa kapena laimu tsiku limodzi, zimafulumizitsa kuthawako. Mukatero dikiranibe masiku khumi kapena masabata awiri musanadzale. A kumtunda amene mukuwojeka mu Juni kuti mudzadzale Febuluwale, musataye Urea pamenepa. Mvula ya kuno idzamutsuka tirigu asanalowe.

Yachitatu ndi ndowe ndi zobiriwira. Zitosi za nkhuku ndizo zamphamvu, kenako za mbuzi ndi nkhumba, za ng'ombe pambuyo, makamaka zikakhala za m'khola losafolera lomwe lakhala likukokoloka ndi mvula. Masamba aawisi a nandolo, a ombwe, a gliricidia kapena deliya wa m'mbali mwa msewu amagwiranso ntchito yomweyo. Ine ndimaika wilibala imodzi ya zitosi pa mawilibala atatu kapena anayi a mapesi odula. Si muyezo wa mu labotale, ndi umene wandiyendera. Ndowe zimabweretsanso tizilombo tawo, ndiye kuwola kumayamba msanga kusiyana ndi Urea yekha.

Yachinayi, imene ndimalangiza ambiri chifukwa cha mmene feteleza wadulira kuyambira 2022, ndi kuchepetsa ngongoleyo. Palibe lamulo lakuti mapesi onse alowe m'dothi lero. Kwirirani gawo limodzi mwa magawo atatu, makamaka masamba ndi nsonga zofewa. Mapesi akuluakulu apititseni kukhola akhale zogonera ziweto, kapena muwaunjike kompositi pambali pa dimba, mudzawabweze atapsa pokonzekera mbewu yotsatira. Afika kumunda komweko, angochedwa ulendo umodzi. Mayi a ku Lusangazi ndinawauza zimenezi ndipo anati, "Ndiye bwanji simunanene kale?" Anali ndi mfundo.

Chenjezo la akudambo. Dothi likakhala lodzadza madzi, mapesi amawola mopanda mpweya ndipo amatulutsa asidi wonga wa mu viniga, amene amawotcha mizu ya mbewu yongomera. Mudzadziwa ndi fungo: mukafukula pamanunkha chowawasa kapena ngati dzira lovunda, mapesi ali akuda ndi onanda. Pamenepo Urea sathandiza. Kumbani ngalande madzi atsike, kwezani mabedi, galauzaninso kuti mpweya ulowe, ndipo dikirani fungo lithe. Tirigu sali ngati mpunga, sapirira kuima m'madzi.

6. Ganizirani za matenda musanasankhe munda

Musakwirire mapesi a tirigu n'kudzalanso tirigu pomwepo. Matenda a mawanga a masamba ndi owoletsa tsinde amagonera m'mapesi omwewo kudikira mbewu yatsopano. Pamene pachoka tirigu palowe nyemba, soya, mtedza kapena mbatatesi, ndipo mapesi a tirigu awolere pansi pa zimenezo. Mbewu za m'gulu la nyemba sizidandaula kwambiri ndi ngongole ija chifukwa zimadzipezera nayitrojeni kuchokera mumpweya. Tirigu abwere pambuyo pa nyemba. Kasinthasintha ameneyu yekha amathetsa theka la zimene ndalemba pamwambapa.

Chimanga nacho chili ndi msampha. Nkhungu ya Fusarium, imene imawoletsa chimanga ndi chuku chofiirira, imakhala m'mapesi ake ndipo imagwiranso ngala za tirigu, makamaka kukachita chifunga ndi mawawa pamene tirigu akumasula. Nyengo yoteroyo kuno si yachilendo. Ngala imayera mbali imodzi isanakhwime, mukayang'anitsitsa m'mphepete mwa mankhusu mumaona kautoto kofiirira, ndipo maso ake amakhala opepuka, okwinyika. Tirigu wotero ali ndi poizoni, musadye ndipo musapatse nkhumba. Ichi ndi chifukwa chake sindikonda kuphimbira tirigu ndi mapesi a chimanga ngakhale a mtayakhasu amalimbikitsa kuphimbira. Okwiriridwa bwino n'kuwola samwaza nkhunguyo ngati oyalidwa pamwamba. Mukafuna kuphimbira pakati pa mizere kuti musunge chinyezi, gwiritsani udzu wopanda njere kapena masangwi, tirigu atamera kale, mochepa.

Ena amati amatentha pofuna kupha chiwawu, chija chimasiya ufa wofiira ngati dzimbiri m'zala ndi m'thalauza. Moto sungathandize, chifukwa chiwawu chimenechi sichikhala m'mapesi ouma. Chimafuna chomera chamoyo ndipo chimabwera ndi mphepo kuchokera kutali. Chofunika ndi kuzula tirigu womera yekha kuchokera ku maso ogwera pansi pokolola, ndi kufunsa alangizi kapena a kumalo ofufuzira zaulimi a Lunyangwa za mbewu zopirira. Kunena za mbewu, samalani ndi yongogula kwa anthu odutsa malire. Mu 2018 ku Mpika m'dziko la Zambia kunapezeka matenda oopsa otchedwa wheat blast, amene amayenda ndi mbewu. Ngala zikayera mwadzidzidzi munda wonse, musakwirire mapesi ake, itanani alangizi adzaone kaye.

Za chiswe ndimafunsidwanso kawirikawiri. Inde chimabwera, makamaka ku katondo wakumtunda. Chimakonda zouma, ndiye pamene mapesi alipo chimatanganidwa nawo, ndipo timauna take timalowetsa madzi pansi. Chimatembenukira mbewu zouma zikatha kapena tirigu akauma n'kuchedwa kumweta. Mwetani nthawi yake. Amene ndimawaopa kuposa chiswe ndi anyamata osaka mbewa. Mapesi ongounjika m'munda mpaka Ogasiti ndi kuwaitana ndi machesi awo.

7. Podzala, mbewu ikhudze dothi

Dothi la mapesi limakhala lotukumuka, lamphako. Njere ya tirigu ikagwera pakati pa zidutswa za mapesi imamwa madzi pang'ono, kutupa, n'kuuma isanagwire pansi. Salazani bedi ndi reki, lithirireni kuti likhazikike, lembani timizere ndi kamtengo, kankhirani pambali zidutswa zimene zatsekereza mzere. Thirani feteleza wokulitsa, kaya ndi 23:21:0+4S kapena 23:10:5+6S+1.0Zn amene akupezeka masiku ano, m'kamzere n'kumukwirira pang'ono kuti asakhudzane ndi mbewu. Kuika m'mzere n'kwabwino kuposa kuwaza, chifukwa chakudya chimakhala pafupi ndi mizu osati pakamwa pa tizilombo ta munda wonse. Mbewu ilowe masentimita 3 mpaka 5. Mukakwirira pondani mzerewo mopepuka ndi phazi kapena kumbuyo kwa khasu.

Dothi lofiira lozungulira Mzuzu lambiri ndi la asidi, ndipo tirigu amadana nalo kuposa chimanga. Mapesi amathandizako pang'onopang'ono koma salowa m'malo mwa laimu, ndipo Urea wa chaka ndi chaka amawonjezera asidiyo. Ngati mizu ya tirigu wanu imakhala yaifupi, yonenepa kunsonga ngati yodulidwa, pemphani alangizi akuthandizeni kuyezetsa dothi musanaimbe mlandu mapesi.

8. Yang'anirani masabata asanu oyamba

Chikasu si chimodzi. Cha ngongole ya mapesi chimayambira masamba akale a m'munsi, kuchokera kunsonga, pamene tsamba latsopano pakati lili lobiriwirako, ndipo m'munda chimatsatira pamene panachuluka mapesi. Fukulani pambali pa chomera chodwala, mupeza zidutswa zosawola. Chikayambira masamba atsopano a pamwamba, ganizirani salufa. Chikakhala m'malo otsika okhaokha ndipo mizu yada, ndi madzi ochuluka.

Mukatsimikiza kuti ndi ngongole, musadikire tsiku la wobereketsa limene munalemba. Gawani Urea wanu pawiri, theka loyamba lilowe pompano pakati pa mizere, kwirirani ndi kuthirira madzulo omwewo. Pakatha sabata mudzaona mtundu ukubwerera. Theka linalo lidzalowe tirigu akamayamba kupanga mfundo. Amene alibe Urea avike zitosi za nkhuku m'thumba mumgolo wa madzi kwa sabata kapena awiri, asungunule madziwo mpaka aoneke ngati tiyi wopanda mkaka wosapsa kwenikweni, athirire m'mizere osati pamasamba. Tirigu wa mayi aja anali ndi masamba anayi, ndiye nthawi inali ikadalipo.

Za zimene muyembekezere, ndinene mosabisa. Chaka choyamba mukachita zonse bwino mudzakolola mofanana ndi kale, mwina kupitirirako pang'ono. Amene akukulonjezani matumba owirikiza chaka chomwecho akugulitsa kanthu. Kwa ine kusintha kunayamba kuoneka chaka chachitatu, ndipo sikunayambire m'thumba. Khasu linayamba kulowa mosavuta. Nyongolotsi zinabwerera. Bedi limene ndinkathirira masiku atatu aliwonse linayamba kupirira asanu, zimene munthu wonyamula makeni awiri kuchokera kumtsinje amazimva m'mapewa. Tirigu analekanso kugwa chisawawa ndi mphepo, chifukwa potaziyamu wambiri amene mbewu imatenga m'dothi amatsalira m'phesi osati m'maso, ndipo mukabweza phesi mwabweza iyeyo.

Zikafika pamenepo yambani kuchepetsa Urea wa ngongole uja, popeza mapesi a zaka zam'mbuyo akhala akubweza pamene atsopano akukongola. Mukapitiriza muyezo wakale tirigu adzatalika mopusa, masamba bii, n'kugona pansi ngala zikalemera.

Musandikhulupirire chifukwa ndalemba. Chaka chino siyani bedi limodzi mulime monga mwa masiku onse, lina loyandikana nalo, lofanana kukula, mutsate zimenezi. Mbewu imodzi, tsiku lodzala limodzi, madzi ofanana. Pokolola punthani padera, petani padera, yezani pa sikelo imodzi, ndipo mulembe m'kope pamodzi ndi kulemera kwa mapesi amene munakwirira ndi tsiku limene munayamba kuwathirira. Khomani zikhomo m'ngodya za mabedi awiriwo kuti chaka chamawa musadzawasokoneze.